Tauni Imene Anaimangira Tulo

Azungu a ku Rhodesia anali ndi vuto limodzi lowasowetsa mtendere. Manja a munthu wakuda ankawafuna tsiku lonse, koma mkonono wake usiku ayi. Kukhitchini ankafunika, kumaluwa ankafunika, kufakitale ankafunika, koma dzuwa likangolowa azimiririke. Lamulo logawa malo potengera khungu la 1930 linali litanena kale kuti mzinda wa Salisbury, umene lero ndi Harare, ngwa azungu, wakuda ndi mlendo woyenda ndi pasi m'thumba. Malokeshoni akale a Highfield ndi Harare, amene lero ndi Mbare, atadzaza thothotho, akuluakuluwo anaponya maso kumwera, kutsidya kwa mtsinje wa Hunyani umene pano ukutchedwa Manyame, makilomita pafupifupi 30 kuchokera pakati pa mzinda. Kumeneko kunali kale St Mary's, lokeshoni yotenga dzina la mishoni ya Angilikani. Anawonjezerapo Zengeza ndi Seke, ndipo mu 1978 anamanga zitatuzi mtolo umodzi n'kuutcha Chitungwiza.

Pulani yake inali yachidule. Munthu adzuke, akwere basi, akagwire ntchito, abwere adzagone. Zitatu zoyambazo zinatheka bwinobwino. Chachinayicho, chimene anaimangira tauniyo, ndiye chinakanika, chifukwa wa ku Chitungwiza amadzuka tambala asanaganize n'komwe zolira, n'kufika pakhomo agalu atatopa kuuwa.

* * *

Zambiri za kumeneko ndinazimva kwa amalume anga, mchona wa ku Dedza. Ananyamuka masiku a Chitaganya ndevu zisanamere, kudzera ku Tete, n'kukakwera malole aja a Ulere amene boma la Southern Rhodesia linkatutira antchito osawalipiritsa. Potsanzika anauza agogo kuti akupita zaka ziwiri zokha, akagule bulangete ndi njinga abwerere. Bulangete anagula. Njinga akuti mpaka pano akufufuzabe ya mtengo wabwino.

Nyumba ya ku Zengeza anaipeza nkhondo ya ufulu ili pafupi kutha, koma ntchito inali kumafakitale a m'tauni. Ankachoka ana ali m'tulo, kubwera ana ali m'tulo, Loweruka ovataimu, Lamlungu msonkhano wa bungwe la maliro. Tsiku lina la Mulungu anati leroli ndipumeko. Mwana wawo wachitsiriza, wa zaka zinayi, analowa kuchipinda, n'kutulukamo liwiro la mtondo wadooka.

"Amayi! Amayi! Pabedi panu pagona munthu!"

"Iwe, ndi abambo ako amenewo."

Mwana anakhala kaye chete, chala kukamwa. "Nanga akhala mpaka liti?"

* * *

Dzina lokhalo si la azungu. Ashona amati kuderali n'kumene kunkakhala mlosi wawo wotchuka Chaminuka, amene anaphedwa ndi ankhondo a mfumu Lobengula mu 1883. Amati iyeyu analosera kuti kudzabwera anthu opanda mawondo, ndipo aliyense amamasulira kuti ankanena azungu ndi mathalauza awo aatali.

Amalume amakana. "Mphwanga, ulosi umenewu anthu anaumva mopupuluma. Opanda mawondo ndi ifeyo okwera kombi. Iwe ukakhale mpando wakumbuyo kuchokera pa Makoni mpaka pa Charge Office, potsika ukapapase ngati mawondo akadalipo."

* * *

Kalembera wa 1969 anapeza anthu pafupifupi 15,000 kuderali. Kenako nkhondo ya ufulu inafika povuta kumidzi, anthu n'kumathawira kutauni ndi mitolo pamutu, ndipo pofika 1982 anali atapitirira 172,000. Mu 1992 anayandikira 275,000, mu 2012 anali pafupifupi 357,000, mu 2022 n'kudutsa 371,000. Tengani Mzuzu, muwonjezerepo Zomba, malinga ndi kalembera wathu wa 2018, simunafikebe. M'Zimbabwe monse oposa Chitungwiza ndi Harare ndi Bulawayo basi. Mutare ndi Gweru, mizinda yokhala ndi maholo ake ndi mbiri zake, inasiyidwa kumbuyo ndi chipinda chogona.

Eniake manambala amenewa amangowaseka. Funsani aliyense pa Chikwanha, akuuzani kuti alipo miliyoni yathunthu, ndipo theka lawo aima patsogolo pake pamzere.

Amati mtsikana wa kalembera anafika pakhomo pena ku St Mary's dzuwa lili paliwombo, n'kupeza gogo yekha akutongola chimanga.

"Agogo, pakhomo pano pamagona anthu angati?"

"Ogona palibe, mdzukulu wanga. Amangobwera kudzasintha malaya."

Pakhomo lachiwiri anapeza mwininyumba, bambo wochenjera amene ankaganiza kuti kalembera ndi msampha wa msonkho. Anayankha mwachangu kuti alipo asanu, iye, mayi ndi ana atatu. Mtsikana anayang'ana m'khonde. Chitseko chilichonse chinali ndi loko wake, pachingwe matawulo osawerengeka, pansi masitovu a palafini asanu ndi awiri atandandalika.

"Nanga masitovu onsewa, bambo?"

"Mayi amakonda kuphika."

* * *

Ku Seke madera sanavutike nawo kuwapatsa mayina. Anangotenga zilembo: Unit A, Unit B, Unit C, mpaka kukafika cha ku Unit P. Ku Zengeza anatenga manambala, 1 mpaka 5. Wopanga mapulaniyo mwina ankathamangira tiyi. Phindu lake n'lakuti mwana wa ku Seke amapita kusukulu zilembo akuzidziwa kale, kungoti mphunzitsi wake woyamba amakhala hwindi, mnyamata uja woitanira ndi kutolera ndalama m'kombi. Mayi wina wophunzitsa timakalasi toyambirira anaimiritsa kamnyamata kuti katchule zilembo. Kanakweza kabudula, n'kutsegula kukhosi: "A, B, C, D, Makoni, Chikwanha, wotsala mmodzi tizipita!"

Nyumba nazo anazimanga ndi chikombole chimodzi. Zipinda zomwezo, mawindo omwewo, denga la asibesitosi lomwelo, msewu ndi msewu. Mkulu wina atamwa Chibuku chokwanira analowa m'nyumba ya eni, n'kukhala pampando, n'kuvula nsapato. Atam'bweretsera nsima anadya, n'kuyamikira kuti lero ndiwo zakoma mwachilendo. Apo m'pamene anadzutsa mutu kuti aone wophikayo. Mwininyumba weniweni panthawiyo anali msewu wachitatu, nayenso akudya.

* * *

Mbiri ya Chitungwiza ndi mbiri ya zokwera. Poyamba kunali mabasi a kampani imodzi yokha, amene wokwera ankawadikira mpaka kudziwana ndi aliyense pamzere, ena n'kupezerapo mabanja. Dziko litalandira ufulu kunabwera ma Peugeot 404 aatali kumbuyo aja, amene boma linawalola kunyamula anthu ngati chithandizo chapangozi. Ngoziyo inakhala zaka zoposa khumi. Kubuti ankakhala anthu oyang'anizana, miyendo italukanalukana, moti wina akafuna kutsika ankayamba wafunsa kuti mwendo wake ndi uti. Mu 1993 boma linatsegula khomo kwa makombi, ndipo lamulo la hwindi linakhala limodzi mpaka lero: anayi anayi, kaya ndinu onenepa kaya mwanyamula mwana.

Muli malo ena m'kombi amene amati pa Kadoma, kachitunda kaja ka pamwamba pa injini kuseri kwa dalaivala. Wokhalapo amayang'ana kumbuyo, maso ndi maso ndi anthu onse, moto ukumuwamba chapansi. Kalaliki wina wa suti anachedwa kudzuka n'kupeza malo otsala ndi omwewo. Pofika pa mlatho wa Manyame anayamba kusinthasintha makhalidwe. Pofika cha ku bwalo la ndege thukuta linali kamukamu. Gogo amene anayang'anizana naye anamumvera chisoni, n'kutulutsa mbatata ziwiri zaziwisi m'chikwama.

"Mwanangu, poti wapsa kale, tandikhalirako izi."

Mu 2020, matenda a Covid-19 atafika, boma linaletsa makombi onse osakhala pansi pa kampani ya mabasi ya ZUPCO. Anthu sanasiye kupita kutauni. Anakwera timagalimoto ta mushikashika, ti Honda Fit tonyamula anthu oposa amene anatipanga angakhulupirire, ndipo ena anakwera malole a mchenga. Bwana wina pa ofesi anafunsa mlembi wake chifukwa chake wabwera ndi imvi zimene dzulo analibe. Mlembi anati, "Lero ndakwera ya simenti, bwana."

* * *

Njanji yochokera ku Harare kupita ku Chitungwiza anayamba kuilonjeza m'zaka za m'ma 1980. Chisankho chikayandikira imatuluka m'kabati, kuipukuta fumbi, kuionetsa m'nyuzipepala, mavoti akawerengedwa n'kuibwezera. Amalume amainyadira kwambiri. Amati mu Africa monse mulibe sitima ina yosachita ngozi, yosagunda ng'ombe, yosakweza mtengo ngati imeneyi. Mnzawo wina anasankha dala nyumba pafupi ndi pamene anamva kuti padzakhala siteshoni, kuti azidzagulitsa mazira owiritsa kwa apaulendo. Nkhuku zimene anagulira ntchito imeneyo zafika m'badwo umene ngakhale iye sauwerenganso.

* * *

Chaka cha 2008 ndiye sichisimbika. Boma lenilenilo linalengeza kuti mu Julaye mitengo inali itakwera ndi maperesenti 231 miliyoni, ndipo mu Januwale 2009 linatulutsa pepala limodzi la madola 100 thililiyoni. Kwa munthu wogona makilomita 30 kuchokera kuntchito, imeneyi sinali nkhani ya m'mabuku. Mtengo wa kombi wam'mawa sunali wamadzulo. Unkanyamuka ndi ndalama yopitira ndi yobwerera, pofika 5 koloko yobwererayo ikungokwana kukufikitsa pamene kombi yatulukira m'tauni. Aphunzitsi ena anasiya kukatenga malipiro chifukwa ulendo wokawatenga unali wodula kuposa malipirowo.

Amalume amasunga pepala limodzi la nthawi imeneyo m'Baibulo. Akalitulutsa amaliwongola pabondo mwaulemu. "Ku Dedza ukawauze amayi ako kuti mlongo wawo sanapite pachabe. Anafika pokhala ndi mathililiyoni. Kungoti tsiku limenelo anabwera wapansi."

Kenako mu 2009 kunabwera dola ya ku America. Mitengo inakhazikika, koma panabuka vuto lina, chenji. Mapepala analipo, makobidi kunalibe. M'sitolo ankakubwezera maswiti kapena bolopeni, ufune usafune. M'kombi ahwindi anatulukira nzeru yawo, yokwatitsa anthu. Awiri osadziwana, aliyense wotsala ndi masenti 50, ankapatsidwa dola imodzi n'kuuzidwa kuti mukaonana nokha kunjako.

Ine anandikwatitsa pa Makoni ndi mayi wina wa mpingo wa Apositoli, wovala zoyera kuyambira duku mpaka kuphazi, wamkulu thupi ndi mawu omwe. Dola yake inali itayenda m'manja ambiri moti George Washington ankaoneka ngati wagwira ganyu yotsitsa makala. Mayiwo anagwira mbali imodzi, ine mbali inayo, palibe wokhulupirira mnzake. Tinayenda chotero, phewa ndi phewa, kwa wogulitsa nthochi, kwa wa eyataimu, kwa wosoka nsapato, onse akupukusa mutu. Pomaliza tinagwirizana kugula tomato wa dola yonse kuti tigawane. Atawerenga anapezeka asanu ndi awiri. Atatu kwa iwo, atatu kwa ine, mmodzi pakati, ndipo mayiwo anayamba kufotokoza mokweza kuti iwo ali ndi ana.

Apo m'pamene anatulukira amalume, akuchokera kometetsa. Anaima, kutiyang'ana, n'kuvula chipewa.

"Mphwanga, ine mwinimbumba ndili moyo, iwe n'kumagawana katundu ndi mkazi pamsewu popanda ankhoswe?"

Anamva mbali zonse ziwiri modekha. Kenako anatola tomato wachisanu ndi chiwiri uja n'kumuika m'thumba la jekete, ati ndi chabwalo.

* * *

Mu 1995 Zimbabwe inachititsa masewera a All-Africa Games, ndipo dziwe lalikulu la mipikisano yosambira analimanga ku Chitungwiza. Amati Aquatic Complex. Masewera atatha, alendo atapita, dziwe linayamba kubiriwira, ndipo malowo anatchuka ndi magule a oimba ndi mapemphero. Mnyamata wina anandiuza monyadira kuti akatswiri osambira sanathe kumeneko, amachita mpikisano usiku uliwonse nyengo ya dzinja, kungoti ndi achule.

Choseketsa chenicheni n'chakuti dziwe lotere lili m'tauni yopanda gwero lakelake la madzi. Chitungwiza imagula madzi ku Harare, ndipo Harare naye sakwanitsa kumwetsa ana ake. Mpopi kumeneko uli ndi khalidwe la mfiti, umagwira ntchito pakati pa usiku. Umayamba watsokomola, kenako kulavula dzimbiri, ndipo nyumba yonse imadzambatuka ndi ndowa, mapoto, mabafa, ngakhale ketulo. Bambo wina akuti anadzudzula mkazi wake kuti zaka zonsezi sanamudzukirepo usiku ndi chimwemwe chotere.

Masana nkhani ili pamjigo. Mzere wake suima anthu, umaima zigubu, miyala ndi nsapato zakutha, chilichonse chikuimira mwini wake amene wapita kukachapa. Mayi wina anabwera n'kupeza mwala wake wasunthidwa. Mlandu unatenga ola lathunthu, mboni zikulumbira kuti mwalawo zikuudziwa bwino, wakhala ukubwera pamjigopo kuyambira chaka chatha ndipo sunayambanepo ndi munthu.

Pali pena pamene nthabwala imathera pakhosi. Kolera amene anapha anthu oposa 4,000 m'Zimbabwe anayambira ku Chitungwiza komweko mu Ogasiti 2008, mipopi itauma, mapaipi a zonyansa omangidwira anthu ochepa ataphulika m'misewu. Za chaka chimenecho ngakhale amalume sachita nazo nthabwala.

* * *

Nyumba za zipinda zinayi zija anazimangira banja limodzi. Eninyumba anaona kuti kuseri kuli malo, n'kumangako timanyumba ta lendi, ndipo ndi mmene tauni inamezera anthu onse aja. Mu Meyi 2005 boma linayambitsa Murambatsvina, ntchito yogwetsa chilichonse chomangidwa popanda chilolezo. Nthumwi ya United Nations, Anna Tibaijuka, inawerengera kuti m'dziko lonse anthu pafupifupi 700,000 anataya pokhala kapena popezera ndalama. Ambiri anauzidwa kuti agwetse okha, ndi hamala yawoyawo, m'nyengo yozizira.

Anthu a lendi aja sanasungunuke. Analowa m'nyumba zikuluzikulu, lendi n'kukwera. Chipinda chinagawidwa ndi katani, khitchini inapeza wogonamo amene ankayenera kudzuka phala lisanatereke. Mnyamata wina wa ku Unit D ankachita lendi pabalaza, pangano lake kuyambira 10 koloko usiku mpaka 5 koloko m'mawa. Tsiku lina mpira wa pa TV unapitirira nthawi, n'kufika pa mapenate. Iye anaima pakhomo ndi bulangete lake paphewa mpaka womaliza atamenya. Kutha kwa mwezi anapereka lendi yoperewera.

"Yatsalayo ili kuti?" anafunsa landilodi.

"Mukaitenge kwa goloboyi, bambo. Akanagwira imodzi ija bwenzi nditagona nthawi yake."

Masiku ano vuto ndi mapuloti. Kuli akamberembere ogulitsa malo alionse, bwalo la mpira, pansi pa mawaya a magetsi, dambo. Wina anagula puloti yake mu Okutobala, pouma gwaa, n'kumanga msangamsanga. Mu Januwale anawedza mlamba pabalaza. Ena atatu anakumana pa puloti imodzi m'mawa umodzi, aliyense ndi lole ya njerwa ndi kalata ya chidindo. Atayerekeza makalatawo anapeza kuti ngakhale nambala ya lisiti ndi imodzi. Wamkulu pa atatuwo anapumira m'mwamba n'kunena kuti, "Komabe munthuyu ndi wachilungamo. Tonse watibera mofanana."

* * *

Ife a ku Malawi kumeneko amatitcha achimwene akatikonda, mabhurandaya akatipsera mtima, kutanthauza a ku Blantyre, ngakhale munthu atakhala wa ku Dedza amene Blantyre sanamuonepo. Cha m'ma 2000 Robert Mugabe, atakwiya ndi mavoti a m'tauni, ananyoza anthu a ku Mbare kuti ndi obwera opanda mfunda. Amalume anamva pa wailesi n'kudabwa. "Opanda mfunda ife? Ine ndili ndi wa kwa abambo, wa kwa amayi, ndi dzina lina limene mzungu anandipatsa chifukwa langa linkamutsamwa. Ngati akusowa abwere ndimubwereke."

Koma mu 2001 lamulo la unzika linasintha. Aliyense amene kholo lake linabadwira kunja anauzidwa kuti akakane unzika wa dziko la kholo lakelo, apo ayi ndi mlendo, ndipo chiphaso chake chinkanena zomwezo. Msuweni wanga, uja anapeza munthu pabedi, anabadwira ku Zengeza, Malawi ankangomuona pa kalendala ya abambo ake. Anapita ku ofesi ina kukakana dziko limene sanalipondepo.

"Mudzi wanu?"

"Zengeza 2."

"Mfumu yaikulu?"

Anaganiza. "Pakhomo pathu ndi amayi."

Kalaliki anaika cholembera pansi. "Ndiye inu mukukana dziko liti?"

"Limene mungandipatse, bwana. Ndilikana pompano."

Malamulo atsopano a dziko a 2013 anabwezera unzika kwa obadwira m'Zimbabwe amene makolo awo anachokera m'maiko oyandikana nawo a SADC. Msuweni wangayo anati zikomo, koma akufunabe kudziwa amene anasunga dziko lake lija zaka khumi ndi ziwiri zonsezo.

Kuopedwa nako kuli ndi phindu lake. Anansi ambiri amakhulupirira kuti munthu wa ku Malawi sayenda chabe, makamaka akaona Gule Wamkulu, amene iwo amati zvigure, akudutsa fumbi lili koboo. Amalume anali ndi kadimba ka repu kumbali kwa mtsinje, ndipo akuba anawatopetsa. Anatenga kansupa, kukapaka mwaye ndi mafuta ophikira, kukamanga mkanda wofiira wa akazi awo, n'kukapachika pamtengo pakati pa dimba. Kuba kunatheratu. Patapita masiku kunabwera bambo wina m'mamawa, chipewa m'manja, akutsimphina, n'kuulula kuti anathyolako masamba mwezi wathawo ndipo tsopano mwendo watupa. Amalume anamuuza kuti alipire nkhuku, kenako apite kuchipatala msanga chifukwa mankhwala awo amagwira bwino akaphatikizidwa ndi jakisoni.

* * *

Tauni yomangidwira tulo inasanduka likulu la phokoso. Nyimbo za sungura, zija za magitala othamanga, kwawo ndi kumeneko. John Chibadura ankakhala ku Chitungwiza, System Tazvida chimodzimodzi. Nicholas Zakaria, amene anthu anamupatsa dzina loti Senior Lecturer chifukwa cha oimba amene anadutsa m'manja mwake mu gulu la Khiama Boys, anali wa magazi a kwathu, ndipo wophunzira wake wotchuka Alick Macheso nayenso bambo ake anachokera ku Malawi. Onse awiri anaimba nyimbo zina m'Chichewa, moti Mshona amene masana amakunena kuti mubhurandaya, usiku umamupeza akukuwa mawu a chilankhulo chako osadziwa kuti akuti chiyani.

Macheso anatchukanso ndi kavinidwe kotchedwa Borrowdale, kotsanzira mahatchi othamanga pa bwalo la mijaha la ku Borrowdale, dera la anthu olemera kumpoto kwa Harare. Amalume amati imeneyo ndiyo njira yokhayo imene munthu wa ku Zengeza amafikira ku Borrowdale popanda kufunsidwa pageti kuti akufuna ndani.

Osema miyala nawo ndi ambiri. Fanizani Akuda, Mchewa wobadwira ku Zambia mu 1932, amene ziboliboli zake za nkhope zomwetulira ndi zoimba mluzu zinafika m'maiko akutali, anakhala ku Chitungwiza mpaka imfa yake mu 2011. Ku Chitungwiza Arts Centre anyamata amagogoda miyala kuyambira m'mawa. Mmodzi wa iwo anakwera kombi ndi chiboliboli chofika m'chiuno, akupita nacho kwa wogula m'tauni, n'kuchikhazika pampando. Hwindi anatambasula dzanja kuti alipire awiri.

"Ndi mwala uwu, m'bale wanga."

"Uli ndi mutu?"

"Uli nawo."

"Wakhala pampando?"

"Wakhala."

"Ndiye ulipire. Ndiponso uuze usiye kundiseka."

* * *

Mafakitale ambiri amene anthu ankadzukira aja anatseka kapena kuchepetsa antchito, kuphatikizapo ya nsalu ya Cone Textiles ya ku Chitungwiza komweko, imene inagwa m'zaka za m'ma 1990. Koma mzere wa m'mawa sunafupike. Tsopano anthu amathamangira ku Mbare Musika kukapikula tomato ndi kabichi, ena kukayala malonda m'misewu ya Harare, ena ulendo wawo wa kuntchito unatalika mpaka Johannesburg, kubwera kunyumba pa Khirisimasi pokha. Msuweni wanga ndi mmodzi wa amenewo. Chaka chatha mwana wake anamulandira bwino, kumupatsa mpando ndi madzi akumwa, n'kumufunsa ngati akuwadziwa abambo ake, poti nawonso amakhala ku Joni.

* * *

Amalume tsopano akalamba, ndipo a bungwe la maliro, limene akhala akusonkhako kuyambira masiku a Ian Smith, anabwera kudzawafunsa mwaulemu kuti tsiku likadzafika adzawatengere ku Dedza kapena adzawaike ku manda a ku Unit L. Akazi awo anati kwawo n'kwawo, munthu akagone pafupi ndi amayi ake. Ana anati ndalama yonyamulira maliro kudutsa malire awiri ingamange nyumba. Mkangano unakula, wina kutchula Nyamapanda, wina kutchula Zobue, wina mtengo wa dizilo.

Amalume anawasiya onse alankhule. Kenako anagogoda ndodo pansi.

"Mudzandiike konkuno, ndipo manda ake akhale a kufupi ndi msewu. Tsiku la kuuka kwa akufa anthu onsewa adzadzuka nthawi imodzi. Ine ndikuidziwa Chitungwiza, zokwera zidzavuta."